Chilimwe Chimene Agogo Anagontha

Fungo la polishi wofiira wa pakhonde limandibwezera ku Mufakose, lokeshoni ya m'dziko la Ashona kumene ndinakulira, m'chilimwe chija ndalama zamapepala zinkabereka mazilo sabata iliyonse. Amayi ankapaka khonde lathu mpaka ntchentche ikatera inkaterereka n'kuthyoka mwendo. Ndinaziona ndi maso angawa ntchentche ziwiri zikutsimphina, ndipo mawu amenewa sindibweza. Buledi kunalibe, madzi ankabwera pampopi ngati mlendo wongodutsa, koma polishi sankasowa, chifukwa khondelo linali ofesi ya agogo anga aamuna, a Jailosi.

Agogo anachoka ku Dedza ali mnyamata, ndipo anagwira ntchito zaka zambiri pakauntala ya bawa, kulandira ndalama zachitsulo kwa anthu oledzera. Kumeneko n'kumene makutu awo anaphunzira sukulu. Maso anali atachita ng'ala, koma ukagwetsa ndalama kuseri kwa nyumba ankakuuza mtengo wake, chaka chake, ndi dzina la amene wam'bera.

Chaka chimenecho kunamveka kuti m'tauni muli anthu ogula ndalama zasiliva za nthawi ya atsamunda, ndipo akulipira ndi ndalama zakunja. Mufakose yense analowa pansi pa mabedi kukafufuza. Opanga zabodza nawonso sanagone. Choncho munthu asanataye ndalama ya kombi, minibasi yopita m'tauni, ankayamba wadzera kwathu Loweruka. "Achimwene, tiyesereni," ankatero anansi athu achishona, amene Mmalawi aliyense, ngakhale wa imvi, amamutcha achimwene. Agogo sankalipiritsa. Chawo chinali mzere wa anthu pageti, ndi chete amene ankagwa iwo akakweza dzanja.

Ankayamba ndi chala, kupapasa timizere ta m'mphepete. Kenako maginito ochotsa m'wailesi yakufa: ndalama ikamata, ndi chitsulo wamba. Kenako ankaikhwekhwereza papepala: ikalemba ngati pensulo, ndi mtovu. Koma mlandu unkatha ndi khutu. Ankatulutsa m'kachitini ka fodya ndalama yawoyawo ya masheleni awiri, mbali ina mutu wa mfumu ya azungu, mbali ina mphalapala, n'kuigwetsa pakhonde. Inkalira kuti ngwiii, kulira kwautali moti amayi ankatha kukaona ngati madzi abwera n'kuipeza ikadalira. Akatero ankagwetsa ya mlendoyo. Siliva weniweni ankayankha mnzake. Yabodza inkangoti phi, ngati chitosi cha nkhuku.

Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Monga agogo achichewa amaserera ndi adzukulu aakazi, ankanditcha akazi anga, ndipo ankati mkazi sabisiridwa chuma. N'chifukwa chake m'nyumba monse ndinali ndekha wodziwa pamene kachitini kankagona: m'thumba lam'kati la jekete lawo la kutchalitchi.

Kuseri kwathu, m'kachipinda kamatabwa, munkachita lendi mnyamata wachishona amene mwaulemu tinkamutcha mukoma Gidi, wokonza mabatire a galimoto. Pakhomo pake pankanunkha asidi, ndipo nthawi zonse panali kachitini ka mtovu ukusungunuka pamakala. Lolemba lina ndili mumtengo wa mabulosi, manja ali biii, anaima pansi n'kundionetsa banzi. Muyenera kumvetsa. Nyengo imeneyo ana ena a mumzere wathu anali asanaonepo banzi, ankaganiza kuti ndi kanyama ka m'tchire. "Ungondibwereka mphalapala ya sekuru, agogo akowo, masana okha ano, ndiione bwinobwino," anatero. Agogo anali atagona pampando, kukamwa kuli yasa. Banzilo ndinakadyera kuseri kwa chimbudzi, ndekha, mng'ono wanga akundifunafuna.

Dzuwa likupendeka mukoma Gidi anandibwezera ndalama imene ndinam'tengera m'jekete. Mfumu inalipo, mphalapala inalipo, koma ndalamayo inali yofunda, ndipo mfumuyo inkaoneka ngati yadwala malungo. Timizere ta m'mphepete tinali tofufutika. Ndinaikhwekhwereza pachikuto cha kope langa. Inalemba. Inalemba bwino kuposa pensulo yanga. Nditathamangira kwa mukoma Gidi anangoti, "Ndi yomweyo, yangotopa."

Ndinaibwezera m'kachitini. Abambo anga anali ndi lamba wodziwa yekha njira, koma lambayo sindinkamuopa kwenikweni. Ankanena kawirikawiri kuti mwana wakuba m'nyumba mwawo sagonamo, adzapita kwa azakhali kumapulazi kukapalira chimanga, sukulu n'kuthera pomwepo. Abambo sankanena nthabwala. Lachinayi mukoma Gidi anasamuka osatsanzika, ndipo ine ndinayamba kupempherera mvula yoti igwe Loweruka lonse.

Loweruka kunacha kopanda ngakhale kamtambo. Khonde linali psuu, anthu ali pamzere, abambo atakhala pasitepe akupukuta nsapato. Woyamba anali mai Chipo, mayi wamasiye wogulitsa tomato, amene anapeza ndalama m'sutikesi ya malemu amuna awo. Agogo anaipapasa n'kugwedeza mutu movomera. Maginito sanamate. Pepala linakhala loyera. Kenako anatsegula kachitini.

Ndinali nditaima kumbuyo kwa mpando wawo, ndipo ndinaona chala chawo chachikulu chikuyenda m'mphepete mwa mphalapala. Chinayenda, chinaima. Chinabwerera, chinaimanso. Sanaigwetse. Anaibwezera m'kachitini, anatseka, n'kulowetsa chala m'khutu ngati muli madzi.

"Amayi, pepani. Makutu atseka."

Anthu anaseka, akuyesa nthabwala. Abambo anadzutsa mutu. "Bambo, mwati makutu atani?"

"Mwati chiyani?" anatero agogo.

Kuyambira tsiku limenelo agogo anali wogontha. Mzere wa pageti unafupika, kenako unatha. Ena ankati achimwene aja ankangotinamiza kuyambira kale. Mai Chipo anapita m'tauni ndi ndalama yosamaliza kuyesedwa. Ogula anawauza kuti ndi yabodza, n'kuwachitira chifundo powapatsa ya kombi yobwerera, ndalamayo n'kutsala komweko. Ankadutsa pageti pathu ndi dengu la tomato osapereka moni. Amayi anayamba kupaka khonde kamodzi pamwezi. Agogo ankakhalabe pamenepo Loweruka, atavala jekete, manja pamaondo, akuyang'ana kugeti kumene sankakuona.

Kunali kugontha kodabwitsa. Abambo ankachita kukuwa, a mpingo ankachita kukuwa, koma ine ndikangokhudza chivindikiro cha shuga kukhitchini, pakhonde pankamveka mawu akuti, "Akazi anga, supuni imodzi basi." Izi ndikulumbira, ngakhale mundiike pamaso pa abusa.

Tsiku lina mvula yoyamba itagwa, fumbi likununkhira, ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo. Tinali awiriwiri. Ndinayamba kuti, "Agogo, mphalapala ija..." Anandigwira pamutu, dzanja lolemera, lonunkha fodya. "Ukulankhula ndi wogontha, mkazi wanga. Kanditengere madzi." Ndinapita kukatenga madziwo mothamanga, mtima uli mbee, ndipo sindinayesenso.

Mwana uja, ine wa nthawi imeneyo, ankati ali ndi mwayi woopsa: nkhalamba yagontha tsiku lenileni limene iye ankafuna kuti igonthe. Ankathokoza Mulungu, osachita manyazi. Ine wa lero, amene sukulu ndinamaliza, ndimadziwa kuti anthu akanapitiriza kubwera, tsiku lina wina akanati gwetsani mphalapala timve, ndipo abambo akanafunsa amene ankadziwa thumba la jekete. Agogo anakhala zaka zinayi akuyankha anthu kuti mwati chiyani, mpaka tinawaika m'manda. Kupepesa ndinali nako nthawi yonseyo. Koma anali atanena pamaso pa anthu kuti samva, ndipo ine ndinasankha kuwakhulupirira.