Mzere umene ndinapakiza

Ganyu ija ndinaipeza ku Njewa, pamunda woyeserera mbewu. Ndinkachoka ku Chinsapo wapansi. Bambo a kunyumba anali atagona miyezi itatu ndi msana, ndiye pakhomo ponse maso anali pa ine.

Tinkalima maluwa oyera, achikasu pakati, opangira mankhwala ophera udzudzu. Inalipo mitundu isanu, uliwonse mzere wake ndi waganyu wake. Wanga unali wachitatu. Amayi oyang'anira mundawo anangoti, "Inu zanu ndi kupalira ndi kutsegula ngalande basi."

Mvula itakhazikika, mzere wanga ndi umene unayamba kudwala. Masamba kuda, tsinde kuwola m'munsi, nkhungu yotuwa ngati ya pabuledi wogona. Ya anzanga ili bwinobwino. Mtima unangoti phwii. Ndinati basi, anena kuti ngalande zanga ndi zaulesi, andichotsa.

Tsono mwana wa mlimi ukaona phando lafa umatani? Umapakiza. Ndinkazula odwalawo, kukakwirira kuseri kwa mpanda, n'kutenga mbande zathanzi ku nazale, osayang'ana n'komwe kuti ndi za mtundu wanji. Sabata ndi sabata, abwana asanafike. Kenako mizere ya anzanga inadwalanso, iwo osaikhudza. Ine mumtima n'kumawaseka kuti ndi ogona.

Tsiku lina Amayi aja anaima pamzere wanga akumwetulira.

"Mukuona? Matendawa tinawathira dala, kuti tione mtundu wopirira. Inayi yagonja, uwu wokha ndiye waima. Mbewu yake tikagawira alimi akumapiri."

Mtundu umene unayamba kufa ndi umene ankautama! Ndinangoti, "Zikomo," ngati chitsiru.

Masiku atatu chakudya sichinkatsika. Ndikaulula, ntchito yatha, kunyumba kuli wodwala. Ndikakhala chete, anthu osawadziwa akazula chimanga chawo n'kubzala chinthu chowola. Ndinkaopa zonse ziwiri, koma kunena zoona ndinkaopa kwambiri njala ya pakhomo panga.

Tsiku lachinayi ndinawapeza Amayi aja akulemba timapepala tomata pamatumba a mbewu. Ndinagwada.

"Amayi, mzere uja ndinkapakiza."

Sanandimve msanga. Ndinabwereza.

"Mapando angati?"

"Sindinawerenge."

"Mbande za mtundu uti?"

"Zilizonse zooneka bwino."

Anavula magalasi n'kukhala pandowa yovundikira. Ndinkadikira kuti akalipe, mwina bwenzi ndikupepukidwa.

"Dzinja lonse lapita," anatero motsitsa. "Bwanji simunandifunse?"

"Ndinkaopa."

Anandituma kuti ndizule mzere wonse ndi manja anga. Maluwa athanzi, okongola, ena atangomasula kumene. Nditamaliza ndinafunsa ngati ndibwere mawa. Anapukusa mutu.

Ndinafika ku Chinsapo dzuwa lili paliwombo. Bambo anadzutsa mutu pamphasa n'kufunsa kuti lero mwaweruka msanga bwanji.