Ndinamubereka Kutsogolo

Mwana wanga wamkazi anabadwa ndi matumbo aulesi. Chimbudzi chinkabwera mwa apo ndi apo, mimba ili tuu ngati ng'oma, mkaka akubweza. Nthawiyo tinkakhala ku Nancholi, bambo ake akuyendetsa minibasi ya ku Limbe.

Amayi anga anangomuyang'ana kamodzi n'kugamula mlandu. "Ndi tsempho ili. Bambo akewo akuyenda njira ziwiri." Kwathu khanda likatupa amati kholo lina lachita chigololo, ndipo dalaivala wa minibasi angamuikire kumbuyo ndani? Ine sindinavomere. Munthu wobwera kunyumba akununkha dizilo, n'kugona nsapato zili kuphazi, chibwenzi angachipeze nthawi yanji? Koma iye anangozyolika, ulemu wa mkamwini.

Ku chipatala chachikulu m'tauni, dokotala wa maopaleshoni anatiuza kuti chigawo chakumapeto kwa matumbo a mwanayo chinalibe mitsempha yokankha chimbudzi. Kumupopa ndi kapaipi kukanangotigulira masiku. Chofunika chinali maopaleshoni awiri. Koyamba atulutsire thumbo pamimba kuti chimbudzi chizidzera pamenepo. Akakulako adzadule chigawo chaulesicho n'kulumikiza chabwino.

Amayi anagwira mutu. "Mwana wa munthu azichitira chimbudzi pamimba? Adzakwatiwa ndi ndani?"

"Amayi, maliro sakwatiwa," ndinayankha. Ndinavomera opaleshoni tsiku lomwelo.

Timatumba tomata pabowolo sitinkapezeka nthawi zonse. Ndinang'amba zitenje zanga zakale, n'kusoka timalamba tofewa, ndipo khungu lozungulira bowolo ndinkalipaka mafuta kuti lisanyuke. Chingwe chathu choyanikira sichinapumepo. Kumsana sindikanamubereka, poopa kutsindira chilondacho, ndiye ndinkamumangira pachifuwa. Mumsika wa Limbe amayi a tomato sankandisiya. "Taonani achizungu awa! Msana mwasungira ndani, mayi?" Ndinkangoti, "Mundiyezere tomatoyo, msanawu ndi wanga." Zinkandiwawa, sindibisa. Koma mwanayo anayamba kuyamwa mwaukali, masaya n'kutuluka, ndipo ndinkayenda naye khosi lili m'mwamba.

Atayamba kuimirira, tinabwerera ku opaleshoni yachiwiri, kenaka anatseka bowo lija. Dokotala anati tidikire chinthu chimodzi chokha, chimbudzi chidzere njira yake. Chikakanika, ndiye kuti mpeni ubwereranso. Sindinayambe ndalakalaka fungo loipa ngati masiku amenewo. Mwana akangokwinya nkhope, ine ndasuzumira kale m'thewera.

Tsiku lina masana, nthawi yoona odwala, amayi ali pambali pa bedi ndi mkamwini wawo, mwanayo anafiira nkhope n'kuyamba kukankha. Fungo linatipeza tonse. Ndinatsegula thewera, ndipo ndinaimba nthungululu wodi yonse n'kutembenuka. Namwino anabwera akuthamanga, poganiza kuti kwagwa zovuta, ndipo ataona anaseka mpaka kugwira bedi.

Lero mtsikanayo ali ku sekondale ku Mpingwe, amasewera mpira wamanja, ndipo chipsera chake sachibisa. Ndikamuona ndimadzitama, palibe wondiletsa.

Koma chomwe sindiiwala n'chimene bambo ake anachita masana aja. Munthu amene sanayankhepo apongozi ake chiyambire, anatenga thewera lija ndi manja awiri, anagwada pansi, n'kuliika pamaso pawo.

"Amayi," anatero misozi ili mbwembwembwe, "tsempho lija latuluka. Ndi ili."