Loweruka lomwe ndinacheza ndi telala wa ku Naisi

Anagogoda Lolemba m'mawa, mwezi wa Epulo 1992, ndili pa holide kwa mayi anga ku Malemia. Ndinkameta ndevu kuseri kwa nyumba. Anali amuna awiri ovala zovala wamba. Anapereka moni kwa mayi mwaulemu, kenako wamkuluyo anati, "Aphunzitsi, pali timafunso tiwiri basi. Mubwerako dzuwa lisanapendeke." Ndinakwera galimoto yawo nditameta tsaya limodzi.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale ku Blantyre. Pobwera kumudzi ndinatenga pepala lotayipa limene linkazungulira mobisa m'tauni, lonena kuti dziko likufunika zipani zambiri. Loweruka ndinapita nalo ku Naisi kukaona mnzanga amene ndinakula naye, telala wosokera pakhonde la golosale ina. Tinali titatha zaka zinayi osaonana.

Atandiona anaimitsa makina, ulusi uli pakamwa. "Iwe, kunenepa chonchi! Ku Blantyre mumadya chiyani?" Anauza makasitomala kuti abwere tsiku lina, n'kutulutsa njinga. Anandikweza kumbuyo mpaka kumtsinje wa Domasi, akudandaula njira yonse kuti ndimuphulitsira tayala. Tinakhala pamwala umene tinkachapirapo yunifolomu tili ana, tikudya nzimbe. Tinakamba za chimanga chimene chinapserera ndi dzuwa chaka chimenecho, za ana ake, za aphunzitsi athu akale omwe ankatikwapula chifukwa cha masamu. Tinaseka mpaka misozi. Pepala lija ndinalitulutsa tikutsanzikana. Analiwerenga kawiri, n'kulipinda, n'kuliika m'thumba la malaya. Sanandipemphe. Ndinamupatsa ndekha.

Lamulungu pepalalo linadutsa m'manja angapo mpaka linagwidwa ku Malosa. Mlendo wochokera kutauni m'dera lonselo ndinali ine, ndiye apolisi sanavutike kundipeza. Chimene ankafuna kudziwa n'chakuti ndinapatsa ndani.

M'chipinda chofunsira munali tebulo, mipando iwiri ndi ndowa ya madzi. Wofunsayo sankakweza mawu. "Aphunzitsi, inu ndinu munthu wa sukulu. Musativutitse, nafenso tili ndi mabanja." Masiku atatu ndinakana kuti sindikudziwa pepala lililonse. Zimene zinachitika masiku amenewo sindilemba zonse. Dokotala amene anadzandipima patapita chaka anandifunsa ngati ndinagundidwapo ndi galimoto. Tsiku lachinayi, dzuwa lisanafike pamutu, ndinatchula dzina la mnzanga. Wofunsayo analilemba mosamala, anandifunsa ngati walemba bwino, kenako anandiitanitsira tiyi. Ndinamwa.

Kukhoti sindinapiteko. Anandisamutsira kundende kumene tinkagona mothithikana, moti wina akafuna kutembenuka tinkatembenuka tonse. Tsiku loyamba ndinauza msilikali wa ndende kuti ndine mphunzitsi ndipo ana akundidikira. Anati, "Kuno kulibe mphunzitsi. Vula nsapato." Aliyense wobwera kumene ndinkamufunsa ngati anamvapo za telala wa ku Naisi. Panalibe wodziwa.

Mwezi wa Januwale 1993 anandiitana kuofesi, n'kundibwezera lamba ndi nsapato. "Mwakhululukidwa. Pitani, koma mukasamale pakamwa." Ntchito inali itatha kale, choncho ndinabwerera kwa mayi. Sabata ziwiri sindinatuluke pakhomo. Tsiku lina mayi anati, "Mwanawe, mnzako uja anatuluka mwezi watha. Ali kwawo. Ukhala ukubisala mpaka liti?"

Ndinamupeza atakhala pakhonde la nyumba yake, atawonda, tsitsi litayamba kuyera. Anandipatsa dzanja lamanzere. Zala za kumanja sizinkapindika, ndipo sanasokenso kuyambira pamenepo. Mkazi wake anandiikira mpando, anandilonjera, n'kulowa kukhitchini.

Ndinakonza mawu ambiri m'njira, koma anatuluka ochepa. "Ndine ndinakutchula."

"Ndikudziwa," anatero. "Anandiwerengera zonse zimene unanena." Kenako anandifunsa, "Iwe unapirira masiku angati?"

"Atatu."

"Ine awiri. Ndinatchula alamu anga, achimwene awo a mayi a ana angawa. Ndi amene ndinawabwereka pepala lija." Anayang'ana kukhitchini, n'kutsitsa mawu. "Iwowo sanabwere. Tinangolandira malaya awo."

Tinakhala pakhonde paja tsiku lonse. Sitinalire, sitinakumbutsane zakale. Masana mkazi wake anabweretsa mbatata yophika, anagwada, anatisambitsa m'manja tonse awiri, n'kubwerera kukhitchini. Dzuwa litapendeka mnzanga anandiperekeza mpaka pamsewu wa ku Liwonde. Anati, "Uzibwera. Palibenso wina amene ndingakhale naye chete chonchi."

Patapita miyezi ingapo anthu anavota, ndipo zimene zinali m'pepala lija zinayamba kunenedwa pawailesi. Masiku ano munthu amadzudzula boma mu minibasi, anzake n'kumaseka. Ndimakondwa nazo, ndipo sindifuna kuti masiku aja abwerere. Koma ufulu umenewu sunatipeze tonse mofanana. Ndimapitabe ku Naisi chaka chilichonse. Mkazi wa mnzanga amandilandira chikwama, amandifunsa za ana anga mmodzimmodzi, ndipo mpaka lero sindinathe kumuyang'ana m'maso.