Makomando a ku Kalomwe Ananditsinitsa Mphuno ya Apongozi

Inu owerenga, ine ndinatsina apongozi anga mphuno. Masanasana, ankhoswe a mbali zonse ziwiri akuona. Sindinalawe kachasu, ndipo mutu wanga ndi wabwinobwino, ngakhale kuti ku Lifidzi, kwawo kwa apongoziwo, mfundo yachiwiriyi akukambiranabe.

Ndiyambe ndi mbiri ya maphunziro anga, poti ndi yaifupi. Ndinalowa univesidade ku Tete kukaphunzira za makompyuta, ndipo titakhala limodzi kanthawi, ine ndi univesidadeyo tinagwirizana zosiyana mwamtendere. Ndinabwerera ku Ulongwe wopanda dipuloma, koma ndi mawu akuluakulu okwanira kuopsezera anzanga pa baraka, kagolosale kamene timachezerapo.

Chaka chatha msuweni wanga wa ku Joni ananditumizira chigalasi. Abale anga, chinthu chimenechi! Umachivala kumaso ngati chisoti, koma umaonabe nyumba yako, khoma, mpando, nkhuku ikudutsa, chifukwa kutsogolo kwake kuli timakamera. Kenaka pakati pa zonsezo pamatulukira zinthu zoti kulibe: kanema wamkulu ngati chitseko cha tchalitchi ataima m'malere, nsomba zikusambira pamwamba pa bedi. Tsiku loyamba ndinakuwa mpaka amayi anabwera ndi madzi odalitsa. Nzeru ya bizinesi inandifikira pomwepo: tsiku la msika, benchi imodzi, anthu pamzere kudzaona nsomba za m'malere.

Chigalasi choterechi chimabwera ndi makomando awiri ogwira m'manja, olozera ndi kusankhira zinthu, koma msuweni wanga anachigula kwa munthu amene anali atataya ake. Popanda makomando chimagwirabe ntchito, chimangotsatira zala zako. Umadina batani la m'malere, kapena kutsina mpweya ndi zala ziwiri. Zimatheka ndithu, kungoti munthu wotsina mpweya saoneka ngati mwini bizinesi. Amaoneka ngati akusaka udzudzu umene anzake sakuuona.

Nthawi imeneyo nkhani yanga ndi Luzia, mtsikana wa ku Lifidzi, inali itapsa. Tsiku lokaonekera kwa akwawo linali litadziwika, ndipo funso limene linkandidikira ndinkalidziwa: mnyamatayu alibe munda, alibe dipuloma, mwana wathu azidya chiyani? Yankho langa linali chigalasi. Panangotsala makomando, kuti ndikaoneke ngati injiniya.

Ndinakwera shapa, minibasi yathu ya kuno, kupita ku Kalomwe, pamalire, kumene chilichonse chimene dziko lapansi lataya chimapezeka chitayalidwa pa thumba. Kwa bambo wina wogulitsa mawaya ndi makaregadori ochajira foni ndinapeza makomando awiri oyera, a mphete pamwamba, okongola moti ndinavula kapusi. Dzina la kampani lolembedwa pamenepo linali losiyana ndi la pa chigalasi changa. Ndisaname, ndinafunsa. Iwo anaseka.

"Shefi, zonsezi ndi ana a mayi mmodzi. Mayina amangopaka kuti tisokonezeke. Taonani."

Anaika mapilya, ndiye kuti mabatire, tigetsi n'kuyaka.

Inu owerenga, mukudziwa mmene timayesera katundu kuno kwathu. Chikayaka, chili bwino. Komando imodzi imayatsa ma TV a mudzi wonse, karegadori ya alamu imalowa m'foni ya wina aliyense, ndipo chokana kulowa timachipala ndi mpeni mpaka chivomere. Ine ndinakulira m'chikhulupiriro chimenechi, ndipo univesidade sinapeze nthawi yokwanira yondichotsamo. Nditafika kunyumba sindinayese. Kwathu kulibe magetsi, chigalasi ndimakachajitsa ku baraka, ndiye moto wonse ndinkausungira tsiku lalikulu.

Tsikulo ndinapita ndi amalume anga, amene ndiwo nkhoswe yanga, atavala jekete lawo la maliro ndi maukwati. Anatilandirira m'nyumba, amuna okhaokha pamipando. Amayi a Luzia sanaoneke, monga mwa mwambo, poti mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anizana, sapatsana ngakhale dzanja. Funso lija linachokera kwa amalume a Luzia, bambo amene anakhala ku Malawi nthawi ya nkhondo ndipo sadabwanso ndi kanthu. Ndinaimirira, ndinatsegula chikwama pang'onopang'ono ngati wansembe pa guwa, n'kuvala chigalasi. Mtima wanga unkavina.

Ndinadina makomando. Tigetsi tinaphethira, kuphethiranso, koma chigalasi chinachita ngati sichinawaonepo chibadwire. Ndinachotsa mapilya, kuwanyambita, kuwabwezera. Zii. Ndinadzamva pambuyo pake kuti makomando a kampani ina salankhulana ndi chigalasi cha kampani ina, ndipo ngakhale a kampani imodzimodzi, akale amatha kukanidwa ndi chigalasi chatsopano. Koma nthawi imeneyo ndinkangotuluka thukuta.

"Mphwanga, kodi chafa?" anafunsa amalume anga chapansipansi.

"Chikuganiza, amalume."

Ndinaika makomando pa meza, katebulo kawo, n'kubwerera ku zala zanga. Posafuna kuloza akuluakulu, ndinatembenukira kukhomo, kumene kunalibe munthu. Onani ulemu wanga pamenepa, chonde. Chikwangwani chachikulu chinatseguka m'malere n'kuphimba khomo lonse, batani loyambira lili m'munsi mwake. Chimene chigalasi sichinandiuze n'chakuti kuseri kwa chikwangwanicho amayi a Luzia anali atafika mwakachetechete n'kugwada pakhomo, mbale ya mbatatesi zophika ili m'manja, maso ali pansi, kudikira kuti wina alandire.

Ndinayandikira, ndinawerama, n'kudina. Abale, batani linali lofunda! Lofewa! Chiyambireni ndinali ndisanamvepo batani la m'malere kunsonga ya chala. Ndinaganiza kuti makomando aja, ngakhale akana, adzutsa mphamvu ina imene inali mtulo. Chimwemwe chinandikwera mpaka m'makutu.

"Amalume, sayansi yafika patali! Likugwirika!"

Ndipo poti munthu wophunzira amatsimikiza kaye, ndinalitsina batanilo n'kuligwedeza pang'ono.

Batani linati, "Mayo ine!"

Nditavula chigalasi ndinangoona chitenje chikuzimiririka kuseri kwa nkhokwe, mbatatesi zikugubuduzika pansi, amalume anga atagwira mutu ndi manja onse awiri. Kukhitchini Luzia ankaseka mpaka kutsamwa, zimene sizinathandize mlandu wanga. Amalume ake anayang'ana ine, anayang'ana makomando, kenaka anatembenukira kwa amalume anga.

"Ankhoswe, ifetu tinafunsa kuti mwana wathu azidya chiyani. Zoti mlongo wanga ali ndi mphuno tinkazidziwa kale."

Anatitulutsa kuti tikadikire pansi pa mtengo wa pichesi pamene iwo ankakambirana. Apo nthabwala zinandithera. Ndinaona kuti Luzia ndamutaya, ndipo ndamutayitsa ndekha chifukwa cha tigetsi tiwiri. Amalume anga anangondifunsa ngati ku univesidade ndinachoka ndekha kapena aphunzitsi anandiona msanga.

Potiitananso, chigamulo chinali chotere. Banja silinakanidwe, chifukwa Luzia anagwada kwa amalume ake, akupukutabe misozi ya kuseka, n'kunena kuti wopusa ameneyu ndi yemweyo amene akumufuna. Koma ukwati waimitsidwa mpaka tikolole. Kwathu anapereka mbuzi yopepesera, ndipo ine ndikulima munda wa apongozi dzinja lonse, kuti zala zanga ziphunzire zoyenera kugwira. Chigalasi anachiletsa kuponda m'mudzimo, ngakhale chili m'chikwama.

Tsono inu owerenga, makamaka anyamata anzanga amene zinthu zimenezi zayamba kukufikani kuchokera ku Joni, ndimvereni. Musanagule komando, lamba wa kumutu kapena waya wa chigalasi, werengani dzina la kampani ndi mtundu wake, mufufuze ngati n'zopangidwira chigalasi chanucho. Kagetsi kakayaka, ndiye kuti pilya ili moyo, basi, sikakunena china. Nyamulani chigalasi chanu mukayesere pamaso pa wogulitsa, ndipo musadzayese chinthu koyamba pamaso pa anthu amene akusunga tsogolo lanu. Dziwaninso kuti zimene chigalasi chikukuonetsani zimabisa zimene zilipodi. Batani la m'malere silifunda. Likafunda, chotsani dzanja.

Ine pano m'mawa uliwonse ndimapita kumunda ndi khasu paphewa, ndipo chimanga chikukula bwino, ndiye chiyembekezo chilipo. Nthawi zina ndimakumana ndi apongozi panjira ya kudimba. Monga mwa mwambo, amapatukira kutchire kuti ndidutse, ine ndimavula kapusi n'kuyang'ana kumbali. Kungoti masiku ano, popatukapo, amaphimba mphuno ndi manja awiri.