Mapikapu a Baba ku Al Khulaifat

Ndinabwera ku Doha pa kontirakiti ya udalaivala wa pakhomo. Ajenti wa ku Blantyre anandiuza kuti ndizikatenga ana kusukulu ndi kuperekeza amayi kogula zinthu, ndipo ndinavomera msanga chifukwa kwathu ku Machinga matola anali atanditopetsa. Koma nditafika panyumbapo, ku Al Khulaifat, ndinapeza kuti ana onse anakula kalekale, ndipo amayiwo anali ndi dalaivala wawo, Mmwenye wina amene anakalambira pabanjapo. Ine anandilembera mwini nyumba, bambo wachikulire amene aliyense pakhomopo ankawatchula kuti Baba.

Tsiku loyamba Baba sanandifunse n'komwe za laisensi. Anandigwira pamkono n'kupita nane kuseri kwa nyumba, kumene kunali galaja yaitali ya zitseko zachitsulo. Atatsegula, mphepo yozizira inandiwomba kumaso. Mkatimo munali mapikapu atatu akalekale: yofiira, yakuda ndi yoyera.

"Ntchito yako ndi iyi," anatero m'Chingerezi chawo chosakaniza ndi Chiarabu. "Amenewa asafe."

Ntchitoyo inali kuliza injini, kuona oyilo ndi batire, kupopa matayala, kupukuta fumbi limene ku Doha limalowa ngakhale potseka. Lachisanu m'mawa, misewu ikadali yopanda anthu, tinkatulutsa imodzi kuti iwongole miyendo, n'kubwerera nthawi ya swala ya Juma, pemphero lalikulu la kumzikiti, isanakwane. Masiku enawo Baba ankakhala pampando wa pulasitiki m'galajamo, kapu ya tiyi m'manja, n'kumandifotokozera kumene galimoto iliyonse inachokera.

Yofiirayo ndiyo inali pamtima pawo. Ankati nthawi ina ku America boma linakhwimitsa malamulo a utsi, moti magalimoto ang'onoang'ono othamanga onse anafooka. Malamulowo sanagwire kwenikweni mapikapu, poti ankawerengedwa ngati magalimoto a ntchito. Anthu a kufakitale anaona mpata umenewo. Anatenga pikapu wamba n'kuikamo injini yaikulu, mapaipi awiri a utsi n'kuwaimika kumbuyo kwa kabini ngati a thiraki, kumbuyo n'kuyalako matabwa osalala, pazitseko n'kulembapo ndi utoto wa golide. Anapanga zochepa, kenako malamulo anawapeza, basi zinathera pomwepo.

"Palibe makaniko anaigwira iyi," ankatero Baba akusisita boneti. "Inatuluka m'fakitale ili chonchi."

Mawu amenewa ankawabwereza kawirikawiri. Mapikapu amene anyamata a masiku ano amasintha m'magalaja, kuwakweza m'mwamba ndi kuwaika magetsi paliponse, Baba sankafuna n'kuwayang'ana komwe.

Yakudayo inapangidwa pambuyo pake. Inali yogwada, mimba ili pafupi ndi nthaka, ndipo ukaponda mafuta msana unkamatirira kumpando. Baba anandiuza kuti eni fakitale anachenjeza okha kuti isamanyamule katundu wolemera, ndipo isamachoke pa tala. Ndinalephera kudzigwira.

"Nanga Baba, pikapu yosanyamula katundu ndi yantchito yanji?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako analoza yoyera ija, imene inali yophwanyika pang'ono m'mbali, utoto utasuluka.

"Yonyamula katundu ndi iyo. Inandinyamulira nsomba ndi ayezi kuchokera kudoko, inandinyamulira simenti ya nyumba ino. Itamaliza kundilemeretsa ndinagula ziwirizi kuti ndizingoziyang'ana."

Sindinganene kuti ntchitoyo inali yowawa. Anzanga amene ankaima padzuwa pa mageti ankati ndinagwera m'mafuta. Komabe mtima wanga sunkakhazikika. Kwathu pikapu ndinkaidziwa mwa mtundu wina. Ndinkapakiramo anthu, mbuzi, matumba a chimanga, njinga pamwamba pa zonsezo. Ndinanyamulapo odwala atagona pamatiresi, ndinanyamulapo maliro, azimayi akuimba kumbuyo. Mayi anga omwe, tsiku limene tinathamangira nawo kuchipatala, anakwera pikapu yochita kukankha kuti ilire. Tsono apa ndinali kupukuta matabwa a kumbuyo kwa galimoto imene sinanyamulepo ngakhale thumba limodzi la mchere.

Chilimwe china makina oziziritsa m'chipinda changa anawonongeka, ndipo okonza anachedwa kubwera mpaka ndinasiya kufunsa. A m'galaja atangoyamba kulira moipa, anakonzedwa tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo masana ndinkayala mkeka pakati pa yofiira ndi yakuda n'kupumula pomwepo. Baba anandipeza tsiku lina ndili gone. Sanakalipe. Anangoti ndisamatsamire chitseko cha galimoto, thukuta limawononga utoto.

Mkazi wanga atandifunsa pafoni kuti kwenikweni ndimagwira ntchito yanji, ndinamuzungulirira magalimotowo ndi kamera. Atawaona anandifunsa:

"Ndiye munapita kutali konseko kukasambitsa magalimoto osayenda?"

Ndinamuyankha kuti amayenda Lachisanu. Sanaseke.

Baba anali ndi matenda a shuga. Pamene ndinkafika, Lachisanu ankayendetsa okha, ine nditakhala pambali. Pang'ono ndi pang'ono maso anayamba kuchita khungu. Anayamba kufunsa ngati maloboti afiira kapena ayi, ndipo tsiku lina anakwera m'mphepete mwa msewu pa raundabauti ya pafupi ndi Ras Abu Aboud, tayala n'kukhudzuka. Nkhaniyo inafika kwa mwana wawo wamkulu, amene ankagwira ntchito ku ofesi ku Al Mirqab ndipo ankabwera madzulo aliwonse kudzaona makolo. Anali munthu wofatsa, wosakweza mawu. Anandiitanira panja pa geti.

"Kuyambira lero bambo asagwirenso chiwongolero," anatero. "Makiyi uzisunga iwe. Akakakamira, undiimbire. Akagunda munthu, ine ndi iwe tonse tidzakhala pamavuto, koma iwe kwambiri."

Ndinamva bwino lomwe chimene ankatanthauza. Mlendo wa pa kontirakiti alibe pothawira.

Masabata angapo Baba sananene kanthu. Ankakwera mbali ya pasenjala, n'kumandiuza posinthira giya, ngakhale kuti ndinali nditazolowera kale. Kenako Lachisanu lina tinatuluka ndi yofiira. Anandilondolera kumsewu wina wautali wa kunja kwa tauni, wowongoka, mbali zonse mchenga wokhawokha. Kunalibe galimoto ina, kutsogolo ngakhale kumbuyo.

"Ima apa," anatero.

Ndinaima. Anatsegula chitseko, n'kutsika, n'kuzungulira kutsogolo akupapasa boneti ndi dzanja mpaka anafika kumbali yanga.

"Yalla, fulumira, sendera uko."

"Baba, pepani. Abwana aang'ono anandiletsa."

"Galimotoyi ndi ya ndani?"

"Ndi yanu, Baba."

"Ndiye sendera. Msewuwu ndinkauyenda iwe usanabadwe. Ndingofika pamtengo wa magetsi uwo, khalasi, basi."

Kumene ankaloza kunalibe mtengo wa magetsi. Unali mbali inayo ya msewu. Ndinazimitsa injini, kiyi n'kuika m'thumba la malaya. Kwathu sindinakanizepo munthu wa msinkhu wa bambo anga chinthu chake chomwe, ndipo apa ndinali kuchita zimenezo nditakhala pampando wake, iye ataima padzuwa.

Anaima pamenepo nthawi yaitali, dzanja lili pachitseko. Thukuta linayamba kutsika m'ndevu zawo. Kenako anazunguliranso, akupapasa momwe muja, n'kukwera mbali yawo.

"Tiye kunyumba," anatero.

Njira yonse sanayankhulenso. Sanandinenezenso kwa aliyense. Anangosiya kubwera kugalaja. Mpando wawo wa pulasitiki unakhala pomwepo, ndipo ine ndinkaupukuta pamodzi ndi magalimoto. Tikakumana pabwalo ndinkawapatsa salamu, iwo n'kuyankha bwinobwino monga Msilamu ayenera kuyankhira, koma osawonjezera liwu lina.

Patapita miyezi, Baba anatuluka bala kuphazi limene linakana kupola, ndipo anawatengera kuchipatala cha kunja kwa dziko. Amayi anapita nawo. Ali komweko, mwana wawo uja anayamba kubwera ndi alendo kugalaja. Anandifotokozera yekha, ngakhale sindinamufunse, kuti banja likufuna kusamukira kunyumba yatsopano yopanda masitepe, kuti kumeneko kulibe malo a magalimoto akale, kuti madokotala anena kuti bambo ake sadzaonanso. Poyankhula ankayang'ana pansi. Sindikhulupirira kuti ankachita mwankhanza.

Yakuda inapita koyamba, itakwezedwa pa thiraki. Yofiira anagula mnyamata wina wolemera wa ndevu zometa bwino, amene anabwera ndi makaniko wake. Ndinawamva akukambirana zochotsa injiniyo n'kuikamo ina ya masiku ano, ndi kudula mapaipi aja chifukwa ankaoneka achikale. Ndinamuuza mnyamatayo kuti galimotoyo inatuluka m'fakitale ili choncho, ndipo mwini wake anaisunga dala osaisintha. Anandimwetulira mwaulemu, n'kundipempha kiyi wachiwiri. Yoyera palibe anaifuna.

"Bambo akabwera n'kufunsa, uwauze kuti magalimoto ali kwa makaniko," anandiuza mwana wawoyo. "Akapezako mphamvu ndidzawauza ndekha."

Baba anabwera ali pa njinga ya olumala, mwendo umodzi ataudula m'munsi mwa bondo. Anali ataonda, nkhope itagwa. Patapita masiku ochepa, wantchito wa m'nyumba anadzandiitana kuti Baba akundifuna. Ndinawapeza pakhonde.

"Ndikankhe," anatero. "Kugalaja."

Kupatula kuyankha salamu, aka kanali koyamba kundiyankhula chichokereni kumsewu kuja. Ndinawakankha pang'onopang'ono, ndikuganiza chonena. Nditatsegula zitseko, phokoso lake linamveka mosiyana, monga zimachitira m'nyumba imene achotsamo katundu. Makina oziziritsa anali atazimitsidwa kale. Baba anapendeketsa mutu, kumvetsera.

"Liza yofiira."

Sindinasunthe.

"Wamva?"

"Ndamva, Baba. Yofiira kulibe."

"Ili kuti?"

Mawu amene mwana wawo anandipatsa aja anali pakamwa, okonzeka. Ndinawayang'ana bambowo, maso awo otuwa ali kukhoma lopanda kanthu, ndipo ndinalephera kuwatulutsa.

"Inagulitsidwa, Baba. Yakudanso. Yatsala yoyera."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, kapena aitanitsa foni. Anangogwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wauzidwa zimene ankazidziwa kale.

"Wagula ndi munthu wamkulu kapena mwana?"

"Ndi wachinyamata."

"Aisintha?"

"Sindikudziwa chimene achite, Baba. Koma ndinawamva akukamba za injini."

Anapukuta kumaso ndi nsonga ya nsalu yawo ya kumutu. Kenako anati ndilize yoyerayo. Inavuta kulira, inatsokomola kangapo, kenako inagwira. Utsi unadzaza m'galajamo. Baba anakhala akumvetsera mpaka maso anga anayamba kuwawa ndi utsiwo, ndipo ndinawatulutsa panja ndisanapemphe chilolezo.

Madzulo ake mwana wawo anandiitananso panja pa geti. Sanakalipe, ndipo mwina zikanandipepukira akanakalipa. Anandifunsa chifukwa chimene sindinachitire monga anandiuzira. Ndinati ndinalephera. Anati bambo ake akana chakudya, ndipo amayi akulira m'nyumba. Kenako anati popeza magalimoto atha, ntchito yanganso yatha, koma sandibweza kwathu: andisainira mapepala kuti ndisamukire ku kampani ina. Anachitadi zimenezo, ndipo malipiro anga anandipatsa onse.

Tsiku lochoka ndinapempha kuti nditsanzike Baba. Wantchito wa m'nyumba anandiuza kuti akugona. Ndinadikira pakhonde ndi chikwama changa mpaka galimoto yodzanditenga inaliza hutala kachiwiri.

Tsopano ndimagwira ntchito ku Msheireb, pamalo oimika magalimoto a pansi pa nthaka. Alendo a kuhotela amandisiyira makiyi, ine n'kukaimika, n'kuwabweretsera akamatuluka. Timagona ambiri m'chipinda chimodzi, ndipo awiri mwa anzangawo ndi a kwathu, wina wa ku Balaka, wina wa ku Zomba. Nditawafotokozera nkhaniyi anagawikana. Wa ku Balaka anati ndinataya ntchito yabwino chifukwa cha pakamwa, bodza laling'ono lotonthoza wodwala si tchimo. Wa ku Zomba, amene ndi wamkulu kwa tonsefe, anati munthu wakhungu sanamizidwa pa katundu wake. Anatsutsana mpaka tiyi anazizira.

Miyezi itapita ndinapeza mpata Lachisanu masana, ndipo nditatuluka mumzikiti ndinakwera sitima ya metro kupita ku Al Khulaifat. Ndinagula zipatso za tende pang'ono kuti ndisafike chimanjamanja. Nyumba ija ndinaipeza itazingidwa ndi malata, denga atachotsa, makina ogumulira ataima pabwalo. Pageti panali mlonda wa ku Nepal. Ndinamufunsa kumene banja lija linasamukira, ndiponso ngati bambo wachikulire wa pa njinga ya olumala akadali moyo. Anati iye wangobwera kumene, sadziwa aliyense wa pamenepo.

Nambala ya mwana wawo ndinali nayo m'foni. Ndinaima pamthunzi wa malatawo n'kuimba. Inaitana mpaka kuduka yokha. Tende uja ndinamusiyira mlondayo, n'kubwerera kusiteshoni, chifukwa shifiti yanga inkayamba madzulo omwewo.