Nyimbo ya Pamtondo Imene Inandipeza ku Luanshya

Khasu ndinalisiya pakati pa mzere, m'munda wa apongozi kwa Mlolo. Mkazi wanga Esinati anali kutsogolo, mwana wathu Lute ali kumsana. Anatembenuka.

"Mwatopa kale, bambo a Lute?"

"Ndipita ku migodi."

"Liti?"

"Lolemba."

Anandiyang'ana pang'ono, napitiriza kulima.

Chifukwa chake chinali chopusa. Dzulo lake munthu wina wa m'mudzimo anali atabwera kuchokera ku Halale ndi galamafoni. Anaiika pampando pabwalo masana, anaipukusa, mudzi wonse unasiya ntchito. Mbale ya nyimbo anali nayo imodzi yokha, ya gitala ndi kachitoliro, koma anaibwereza mpaka singano inatha. Esinati anavina. Ndinali ndisanamuonepo akuseka choncho. Pobwerera kunyumba anati, mongocheza, "Ena amuna awo amabweretsa nyimbo." Ine ndinali mkamwini, wochokera ku Zemba ndi mphasa ndi nkhwangwa basi. Mawuwo anandiwawa. Lero ndikamukumbutsa amakana, akuti sananene choncho. Ananena.

Ndinayenda pansi mpaka ku Foti Jemusoni, boma la kwathu, pa lole mpaka ku Lusaka, pa sitima mpaka ku Luanshya. Anandilemba ntchito yofoshola miyala pansi pa mgodi. Inandiyenera. Phokoso lake ndi lalikulu, palibe amene amadikira kuti ulankhule. Kukomboni tinkagona anayi m'chipinda, ine, Abemba awiri ndi Mlozi. Ankati lilime ndinaligwetsa mu Luangwa powoloka.

Kusukulu ya mishoni ndinalekeza Sitandade 3. Kulemba ndimatha, Esinati nayenso amawerenga. Pepala ndinkagula. Ndinkalemba kuti, "Ine kuno ndili bwino," kenako pensulo inkaima. Ndikanamuuza chiyani? Kuti ndimatsokomola fumbi? Kuti Lamlungu ndimakhala pakhonde kuyang'ana akazi a eni akuyanika zovala? Kuti galamafoni sindinaigule, chifukwa malipiro akalowa m'thumba amakumana ndi jekete, nsapato ndi mowa? Pepalalo ndinkapichirira fodya. Koma aliyense wopita kwathu ndinkamupatsira katundu: bulangete, chitenje, sopo, kadiresi ka Lute. Wina anandifunsa, "Nanga uthenga?" Ndinati, "Akaona okha." Ndinkayesa kuti katundu akwanira. Zaka zinayi zinatha choncho.

Loweruka masana tinkapita ku holo ya komboni. Baisikopo ya azungu okwera pa akavalo isanayambe, pankabwera oseketsa anthu. Wamkulu wawo anali Jemusi, wa ku Kotakota ku Nyasalande, amene masiku ena onse ankasesa kuchipatala. Ankavala kabudula wamkulu ngati thumba la chimanga, kumaso atadzipaka ufa. Tsiku lina ankakhala munthu wa kumudzi amene wangofika m'tauni, akuvulira chipewa mpope wa madzi. Tsiku lina kapitawo wolankhula Chizungu chimene bwana sakuchimva. Tsiku lina wapolisi wa komboni amene wapeza mowa wobisa pansi pa bedi, namwa umboni wonse asanafike nawo ku ofesi. Ndinkaseka. Ndikuvomera.

Anyamata a masiku ano amandifunsa ngati nyimbo ndi nthabwala za m'tauni zimaposa zathu. Sindidziwa. Chimene ndinaona n'chakuti za m'tauni zimathamanga. Nyimbo imabwera mwezi uno, aliyense akuiimba ndi likhweru potsika mumgodi, mwezi wamawa yafa. Oimba magitala kunyumba ya mowa ankaimba za akazi ofiira milomo, za thumba lobooka, za mwamuna amene waiwala njira ya kwawo. Ankanena ife tomwe. Tinkalipira pakhomo kuti atiseke, ndipo tinkatuluka opepukidwa. Tsoka lako ukaliona litavala kabudula wamkulu limachepa. Koma zimakoma dzina lako likapanda kutchulidwa.

M'chipinda choyandikana ndi chathu munali munthu wina amene anali ndi kawailesi kooneka ngati poto. Tsiku loulutsa mawu m'Chinyanja ife a kum'mawa tonse tinkadzaza pakhonde pake. Masana ena, mvula itangoyamba kumene, woulutsa mawu wa ku Lusaka anati, "Galimoto yathu yojambula nyimbo inafika kwa Mlolo, ku Chadiza. Tamverani amayi ali pamtondo."

Misi inayamba kugunda. Kenako mkazi anayamba kuimba. Ndinamudziwa asanamalize mzere woyamba.

*ALameki Mbewe, ku Luanshya ee,*
*anakagula galamafoni.*
*Bulangete lafika, mawu sanafike,*
*kodi bulangete limalankhula?*
*Wa ngolo wabwera kawiri ee,*
*amalume ati kachitatu sabwerera chabe.*

Lameki Mbewe ndine. Kwathu mkazi akakhala ndi chifukwa ndi mwamuna wake sathamangira nacho pabwalo. Amachiimba posinja, kuti mudzi umve. Koma apa linamva dziko lonse. Wa ngoloyo ndinamudziwa: Wilisoni wa kwa Zingalume, mwini ng'ombe ndi ngolo, amene mkazi wake anamwalira, ndiye kuti tsopano ankafunsira wanga. Amalume ake a Esinati, aSandalamu, ndiwo eni mbumba. Iwo akati ukwati watha, watha, ndipo mwana amatsala kwa amake.

Nyimbo inatha. Kenako wina anaphulika kuseka.

"ALameki, bulangete lanu munaligula losapita kusukulu?"

"Mukanagula la Chizungu, limayankha!"

Ndinanyamuka, ndinakalowa m'chipinda.

Sabata isanathe oimba magitala anali atailanda nyimboyo. Anaithamangitsa, anaichotsa misi, anthu n'kumavina jaivi ndi dzina langa. Loweruka Jemusi anatulukira ku holo atasenza bokosi la sopo, akuti ndi galamafoni. Anagwadira bulangete loyala pansi, nalifunsa kuti, "Iwe, ndinakutuma kumudzi, unakanena chiyani?" Bulangete linagwedezeka, munatuluka mwamuna wina atagwira chikwapu cha ng'ombe, akuyasamula. Anthu anagwa m'mabenchi ndi kuseka. Ine ndinakhala mpaka kumapeto. Kenako ndinazungulira kuseri kwa holo. Ndinamupeza pampope akusukusula ufa uja.

"Ndinu aLameki? Mwabwera kudzandimenya? Menyani kumanzereku, kumanja dzino likuwawa."

Ndinasendera pafupi naye.

"Achimwene, musakwiye. Ine ndimangotola zimene zagwa pansi." Anapukuta kumaso ndi malaya. Wopanda ufa anali wachikulire kuposa mmene ndinkaganizira. "Wanu waimba. Wanga ku Kotakota sanaimbe. Ndinangomva kwa anthu kuti ali ndi ana awiri kwa msodzi. Wanuyo akanakhala kuti wathana nanu, sakanavutika kupeka nyimbo." Anatseka mpope. "Koma galimoto yojambula nyimbo ija imayenda m'midzi chilimwe, misewu ili youma. Nyimboyi yakhala m'bokosi nthawi yaitali isanakupezeni. Mwaganizapo?"

Ndinali ndisanaganizepo.

Lolemba ndinauza kapitawo kuti ndikusiya. Anati ndimalize kaye masiku a tikiti yanga, pepala lowerengera masiku a ntchito. Ndinamaliza. Ndinagulitsa jekete ndi nsapato, ndinagula galamafoni yakale kwa munthu wina, ndi mbale zitatu. Upusa unali usanathe. Ndinkaopa kufika wopanda chimene ndinapitira. Kalata sindinalembebe. Ndinati ndikafika ndekha.

Lole inatitimira m'matope kawiri tisanawoloke Luangwa. Njira yonse ndinkangoona ngolo itaima pakhomo panga.

Pa Chadiza, pakhonde la sitolo, panali galamafoni yaikulu kuposa yanga. Inali chete chifukwa anyamata atatu anali pansi pa mtengo ndi mabanjo a zitini, akuimba. Inali nyimbo yomwe ija, mothamanga, monga amaiimbira ku Luanshya. Wina wobwerera kumudzi anali atanditsogolera nayo. Ndinadutsa pafupi nawo, bokosi lili pamutu. Palibe anandidziwa. Mmodzi anakuwa kuti, "Bambo, mukaonana ndi aLameki mukawauze afulumire!"

Kwa Mlolo ndinafika masana. Akazi anali pamtondo kuseri kwa nkhokwe. Woyamba kundiona anali mlamu wanga Velina, mng'ono wake wa Esinati.

"Mayo! Bulangete labwera ndi miyendo!"

Onse anasiya misi, kupatula Esinati. Anasinja mpaka anamaliza. Anapukuta manja, anabwera ndi madzi akumwa, anagwada, nandipatsa moni wa mlendo. Kamtsikana kovala diresi lothina kanabisala kumbuyo kwake. Diresilo ndinalidziwa. Mwanayo ndikanakumana naye panjira ndikanamupitirira.

Ngolo panalibe. Ndinayang'ana kawiri.

Amalume aSandalamu anabwera akutsimphina, anakhala pakhonde. Ndi munthu wokonda kuseka.

"AMbewe, mwayenda bwanji? Tamva kuti mwatchuka."

Ndinatsegula galamafoni, ndinaipukusa, ndinaika mbale. Ndinkayesa kuti mudzi udzathamanga ngati kale lija. Anabwera ana ochepa. Velina anamvera pang'ono, nati, "Iyi ndi ya chaka chatha, mlamu. Tinaimva kwa aphunzitsi." Ndipamene ndinadziwa kuti aphunzitsi a pasukulu ali ndi wailesi, ndipo mudzi wonse umakamvera kumeneko. Tsiku limene ine ndinkanyozeka pakhonde ku Luanshya, iwo anali pabwalo la sukulu, akumva nyimbo yomweyo, akululutira.

Velina ndiye anandifotokozera zonse. Galimoto yojambula nyimbo ija itafika, akazi ambiri anaopa makina, ena anathawira m'nyumba. Esinati anapita kwa mnyamata wogwira waya, namufunsa kuti, "Kodi mawu akalowa umu amafika ku Luanshya?" Mnyamatayo anati amafika. Esinati anakakoka mtondo yekha. Atachoka a galimoto, anapempha amalume kuti amubweze kaye Wilisoni mpaka nyimboyo itatuluka pa wailesi. Anadikira chilimwe chonse. Lamlungu lililonse ankakhala kutsogolo kwa wailesi ya aphunzitsi. Itatuluka anapemphanso kuti andipatse nthawi ya ulendo.

Ine ndinapita kutali kukagula nyimbo. Ndinkayesa kuti nyimbo zimakhala m'sitolo, zimabwera pa sitima, ndipo kumudzi n'kolandira chabe. Koma imene inavinitsa komboni yonse inachokera kuseri kwa nkhokwe ya apongozi anga. A magitala anangoithamangitsa, Jemusi anangoiveka kabudula. Sindiwada. Akanapanda kuiseketsa mwina ndikanakhala nayo m'chipinda, n'kukwiya, n'kutha chaka china. Lero achikulire a ku tchalitchi akamadandaula kuti mabanjo ndi wailesi zikuononga ana, ine sindithirirapo. Ndimangomvera bwino mawu ake. Nthawi zambiri mumakhala munthu amene akuitana wina.

Mbale itatha, amalume anatsokomola.

"Wilisoni ndinamulonjeza yankho chimanga chikayamba kudyedwa. Akudikira, ndipo ndi munthu wabwino, sanalakwe. Esinati, mwana wanga, amuna ako ndi awa. Nena."

Esinati anakhala pamphasa, miyendo atatambasula, Lute atamutsamira.

"Amalume, ine ndalankhula kokwanira. Munthuyo ndinamubweza kawiri ndi pakamwa pangapa. Ndinaimba mpaka ku migodi anamva." Apo anandiyang'ana, koyamba chifikire. "Kachitatu akamuuze okha bambo a Lute. Asatume munthu, asatumize katundu. Akaime pakhomo pake, atsegule pakamwa, anthu a kwa Zingalume amve kuti ndili ndi mwamuna. Akabwerako adzapeza madzi osamba."

Amalume anawerama, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"Mlamu," anatero Velina, "mawuwo mukawapeza kuti? Tikubwerekeni ochepa?"

Dzuwa linali lisanapendeke kwenikweni. Kwa Zingalume n'kutali, ndipo miyendo inali yotupa ndi ulendo. Ndinatseka galamafoni, ndinaikankhira kukhoma. Ndinavala chipewa, ndinatsika pakhonde, ndinalowa njira ya kudambo, yopita kwa Wilisoni.