Mayi anawerengedwa kuti sakudwala

Ntchito yanga ku City Centre inali yopezera zifukwa ntchito za anzanga, ndingonena choncho. Ankandiunjikira malipoti a kafukufuku wa zaumoyo, uja wofunsa anthu kamodzi kokha n'kumapita, kuti ndione ngati zotsatira zake sizinapendekeke tisanaziphatikize mu lipoti limodzi lalikulu. Anasankha ndani? Anayezadi, kapena anangofunsa pakamwa? Labwino ndinkaliika kadontho kobiriwira, lopendekeka kofiira.

Tsiku lina panabwera lipoti la matenda othamanga magazi pakati pa amayi a ku Msika wa Tsoka. Ndinalitsegula msangamsanga, chifukwa mayi anga ankagulitsa kaunjika komweko. Lipotilo linati odwala ndi ochepa. Ochepa! Nditafika pa tsamba la mafunso ndinaseka ndekha ngati wamisala. Makina oyezera sanatenge n'komwe. Ankangofunsa kuti, "Kodi mukudwala?"

Koma abale, mzimayi wa pamsika ungamufunse choncho? Kwa iwo kudwala ndi kugona pamphasa, anthu n'kumabwera kudzazonda. Munthu amene wadzuka, wakwera minibasi, wamasula belo la zovala, sakudwala ayi. Ali ndi kamutu chabe.

Loweruka ndinakawapeza mayi pa benchi yawo.

"Anabweradi atsikana a mapepala," anatero akupinda malaya.

"Munawayankha chiyani?"

"Ndinati ndili bwino. Ukundiona ngati wodwala ine?"

"Nanga mutu uja? Chizungulire chija?"

"Aaa iwe, ndi dzuwa limenelo. Usanditchulire matenda pamaso pa makasitomala."

Ndinawachonderera kuti tikayezetse, iwo amvekere mawa. Mawa lakelo silinafike.

Lolemba ndinaika kadontho kofiira, mwaukali mpaka cholembera chinaboola pepala. Pa msonkhano abwana athu anandimvetsera bwinobwino, kenako anati, "Mukunena zoona, achemwali, koma la amayi a m'misika ndi lokhali. Tikalichotsa tilemba chiyani?" Linalowa ndithu. Kadontho kanga anakakankhira ku masamba a kumapeto, kumene sikufika maso a munthu. Akuluakulu ogawa makina oyezera anawerenga tsamba loyamba lokha, nati kumsika kulibe vuto. Ndinapsa mtima sabata yonse, koma mkwiyo wanga sunayeze munthu ngakhale mmodzi.

Mvula isanagwe mayi anagwa pakati pa zovala zawo. Mbali imodzi ya thupi lawo inafa.

Pano ali kunyumba kwanga, pamphasa, chifukwa bedi amalikana. Anzawo a kumsika amabwera kudzazonda, ena mwa iwo akusisita pachipumi, nawonso akuti ndi dzuwa. Ndasiya kuwatsutsa, ndatopa.

Dzana mayi anandikodola ndi dzanja lomwe latsala. Pakamwa panapindika, mawu amatuluka movutikira.

"Atsikana a mapepala aja akabweranso, uwauze kuti tsopano ndikudwala."

Ndinangoti chabwino. Sindinawauze kuti kafukufuku wotere safunsa kawiri. Mu lipoti lija mayi akadali m'gulu la osadwala, ndipo pachikuto pake palinso dzina langa.